Jakisoni wa Mafuta

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anabwera kudzakhala kumudzi, ine ndinali nditasiya kale za panyanja. Maondo anali atakana. Ntchito yanga inali kusoka maukonde a anthu ena pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkawodzera kwambiri. Munthu ukakalamba tulo timabwera masana osaodira, moti nthawi zina sindinkadziwa ngati chinthu ndachiona kapena ndachilota. Ndayesetsa kupeta zimene ndikulembazi kuti zamaloto zikhale padera, koma mankhusu ena atsalira ndithu.

Mwa ana amene ine ndi malemu mkazi wanga tinabereka, anakula ndi yekhayu. Anakwatiwa ku Monkey Bay ndi mnyamata wokonza mainjini a maboti, munthu wofatsa, wa zikhadabo zakuda ndi oyilo. Katatu konse mwana wangayo anapita padera. Palibe anandiuza, chifukwa bambo sauzidwa zoterezi. Ndinkangomuona atafika ndi nkhope yoonda, kenaka amayi awiri atatu akulowera kudambo m'mamawa ndi khasu, osalira, osayang'ana kumbuyo. Akabwerako ankasamba m'manja n'kuyamba kusesa pabwalo ngati palibe chachitika.

Ulendo wachinayi anafika mwezi wa mwera, mphepo ikuwomba mchenga mpaka m'mbale. Anabwera ndi chikwama chachikulu, ndiye ndinadziwa kuti akhalitsa. Amene anamulandira ndi alamu anga, mkulu wake wa malemu mkazi wanga, amene anatenga malo a mayi chimwalirireni mng'ono wawo. Alamuwo ndi munthu wa pakamwa. Ine ndi iwo takhala tikunyozana zaka zambiri, ndipo tsiku likadutsa osandinena ndimaganiza kuti akudwala.

Tsiku lina anabwera pamene ndinkasoka atanyamula kakatoni kakang'ono pamwamba pa tsamba la nthochi, osakakhudza ndi dzanja.

"Alamu, landirani," anatero. "Mankhwala a mwana wanuyu. Muzisunga ndinu."

"Ine ndasanduka chipatala?"

"Mankhwala a munthu wapakati sagwiridwa ndi munthu wotentha. Mwamuna wake ayi. Inenso ayi, abambo akunyumba alipo, ngakhale angotsala chifuwa chokha. Koma inu munazizira kalekale ngati mtsuko wa pakhonde."

"Munayesa liti kuti mudziwe?"

"Fotseki! Ndingayese nkhuni yofumbwa ine?"

Kwathu kuno, munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi amatchedwa wotentha, ndipo amati akhoza kuvulaza wofooka, monga khanda kapena mayi woyembekezera. Ine, wamasiye wa zaka zambiri, ndinali wozizira. Ndi mmene nkhani ya amayi inagwera m'manja mwa bambo. Kunyumba palibe anatchula mawu oti mimba pamaso panga, koma sabata iliyonse, Lachitatu, ndinkavala jekete, kuika kabotolo kamodzi m'thumba la mkati, n'kukwera minibasi ndi mwana wanga kupita ku boma.

Chipatala chake chinali chaching'ono, cholipira, kufupi ndi mtsinje. Ndalama sitinkatulutsa, chifukwa kuntchito kwa mkamwini wanga kunali inshulansi ya zachipatala imene inkalipira. Mankhwalawo anachita kuitanitsidwa ku Blantyre, ndipo anatipatsa katoni yonse kuti tizisunga tokha. Anamwino amene ankabaya anali mayi wachisilamu wa m'tauni momwemo, wa mpango wobiriwira, wolankhula Chichewa chokoka ngati cha Ayao. Iwo miyambo yathu yobisa mawu sankaisamala.

"Anganga, mukudziwa chimene mwanyamulachi?" anandifunsa tsiku loyamba.

Ndinayang'ana pansi.

"Musachite manyazi, mdzukulu wanu ali m'njira. Thupi la mayi limapanga lokha timadzi togwira mimba kuti isatsike. Kwa ena timachepa, ndiye tikuwonjezera. Dzina lake pulojesiteroni. Tanenani."

Ndinayesa, lilime linakodwa. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka anasiya kuseka n'kunena kuti adokotala sanalonjeze kanthu, ena amathandizika, ena ayi. Anandibwezera kabotolo kaja.

"Awa ndi mafuta, ndi olimba. Akalowa ozizira amapweteka, amasiya chotupa pathako. Khalani pabenchipo muwafumbate mpaka ndikuitaneni."

Ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkakhala pabenchi ya pakhonde nditafumbata kabotolo kochepa ngati chala chaching'ono. Kutsogolo kunali mpanda wa waya, kuseri kwake Shire akuyenda mwakachetechete, atasenza zilumba za namasupuni. Zilumbazo zinkadutsa chimodzichimodzi, china chili ndi kakowa pamwamba, ataima ndi mwendo umodzi ngati walipira ulendo. Nthawi zina ndinkatsegula dzanja n'kuyang'ana dzuwa kudzera m'kabotolomo. Mafuta ake anali achikasu pang'ono, ndipo dziko lonse linkalowa mmenemo mozondoka: mtengo wa mgwalangwa, denga la mzikiti, wakabaza akupalasa miyendo m'mwamba. Ndikapendeketsa, kathovu ka mpweya kankakwera pang'onopang'ono, kosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti kumene akupita akamudikira.

Pabenchi pomwepo ndi pamene mkazi wanga ankandibwerera. Sindinena kuti ndinkamuona ndi maso. Ndinkawodzera, ndiye ankafika ali mtsikana, madzi akumulekeza m'maondo, akutsuka mphika ndi mchenga. Sankandiyang'ana. Nayenso anapitapo padera kawiri tisanabereke mwana uyu, masiku amene ndinkakhala miyezi m'misasa ya asodzi ku Makanjira. Ulendo wachiwiri akuluakulu anandikhazika pansi, n'kunena kuti mkazi sataya mimba popanda chifukwa, ndiulule amene ndinayenda naye. Zimene ndinayankha tsiku limenelo sindilemba pano. Chimene ndinganene n'chakuti m'mawa mwake ndinakwera bwato kubwerera kumsasa, iye ali chigonere pamphasa. Mpaka anamwalira sitinakambiranepo. Kaya ndine ndinachititsa, kaya thupi lake linkangochepa timadzi tija, sindidzadziwa. Ndikadzidzimuka pabenchipo, dzanja linkakhala litachita thukuta, anamwino akuitana.

"Anganga, apsa mafutawo? Bweretsani."

Mwana wanga ankatuluka akutsimphina pang'ono. Tinkagula chinangwa chophika pamsika, n'kumadya mu minibasi osalankhulana zambiri. Ndinali nditagwirizana ndi kondakitala wina kuti azimusungira mpando wakutsogolo, kumene mabampu samveka kwambiri. Milungu inkapita. Mwera unaleka, kunayamba kutentha, milambe ya m'mbali mwa msewu inaima yopanda tsamba ngati yagona chiimire. Chitenje cha mwana wanga chinayamba kukwera. Anadutsa mwezi umene ankataya nthawi zonse. Alamu anayamba kuimba posinja.

Kenaka Loweruka lina masana mkamwini anafika pa njinga yamoto. Anandipatsa moni mwachidule, osakhala pansi bwinobwino, n'kulowa m'nyumba mmene munali mkazi wake. Posakhalitsa mawu anayamba kukwera. Ndinamva mwana wanga akuti, "Bodza limenelo," kenaka kulira. Alamu anathamangira komweko chitenje chili m'manja.

Anatuluka onse pabwalo. Mkamwini anali atagwira foni m'mwamba ngati tochi.

"Amayi, werengani nokha. A inshulansi anditumizira uthenga. Akuti salipira, chifukwa jakisoni amene akubayitsa mkazi wanga ndi wolera, ndipo wolera amapereka ulere kuchipatala cha boma. Wolera, amayi! Ine ndikugona ndekha ku Monkey Bay, ndikupemphera, kuno anthu akutseka."

"Atseka bwanji munthu ali ndi pakati poonekera?" anatero alamu. "Maso mulibe?"

"Ndiye akufuna achotse! Zinazija zinachoka bwanji? Ndani akudziwa kuti anayamba liti kubayitsa?"

"Tamumveni! Inu amene mumayenda ndi akazi ogula usipa padoko, mukumusempha mwana wathu chaka ndi chaka, lero mwapeza pothawira?"

"Munandigwira ndi ndani?"

"Nkhope yanu ikunena yokha!"

"Foni ikunama? Kompyuta ikunama?"

Mwana wanga anali atatsamira chitseko, manja ali pamimba, akuyang'ana uyu ndi uyu. Mkamwini anatembenuka n'kubwera pansi pa mango. Ananjuta patsogolo panga monga mwa ulemu wake.

"Bambo, akuti katoni ija mumasunga ndinu. Ndipatseni."

Anandionetsa foniyo. Uthenga unali m'Chingerezi, koma anandiwerengera n'kumasulira, ndipo ndinaona ndi maso anga nambala yaitali ndi dzina la mankhwala. Dzinalo linkafanana ndi la pa katoni ija, zilembo zambiri zinali zomwezo. Ine sukulu ndinaphunzira ndili ndi imvi, ya kwacha, m'tchalitchi masana, nditakhala pakati pa amayi oyamwitsa. Munthu wophunzira mochedwa amaopa zolemba. Kwa ine chinthu chikalembedwa, makamaka ndi makina, chinali ngati chatsika kumwamba. Ndinaganiza kuti mwina anamwino aja analakwitsa, mwina milungu yonseyi ndakhala ndikufunditsa chinthu chopha mdzukulu wanga. Ndinalowa m'chipinda changa, ndinatenga katoni, ndinamupatsa.

Njinga inalira n'kupita. Alamu sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kunyoza.

Lachitatu linafika n'kudutsa. Sitinapite ku boma, chifukwa kumeneko mankhwala ena kunalibe, kuitanitsa kukanatenga nthawi. Mwana wanga ankagona pamphasa pakhonde atayang'ana kukhoma. Ndinamva akuuza alamu kuti msana ukumuwawa chakumunsi. Alamu anamuwiritsira madzi, ndipo ndinaona utsi kuseri kwa bafa. Ndinali nditauonapo utsi umenewo, maulendo atatu aja pamene anapita padera.

Madzulo ake ndikudutsa pakhonde, anandilankhula osatembenuka.

"Ababa."

"Ee, mama."

"Iwo aja ndi mwana wa eni ake. Koma nanunso?"

Ndinaima pamenepo kanthawi ngati mlendo, kenaka ndinapita kukakhala pa ukonde wanga. Singano sinalowe.

M'mawa mwake ndinavala jekete lopanda kanthu m'thumba n'kukwera minibasi ya ku Monkey Bay. Kunkatentha moti msewu kutsogolo unkaoneka ngati madzi, ndipo mbuzi zodutsa zinkakhala ngati zikuyandama. Ndinawodzera. Ndinalota ndikupalasa bwato pamsewu wa tala, nkhafi ikugunda pansi, osasuntha. Kondakitala anandidzutsa ndi kugogoda denga.

Ndinamupeza pansi pa shedi ya malata pafupi ndi madzi, atamasula injini ya boti, tizitsulo atatiyala pa thumba. Mapiri a miyala anali atazungulira dokolo, madzi ali bata ngati mafuta m'mbale. Atandiona anadzidzimuka. Mpongozi safika kuntchito kwa mkamwini. Anapukuta manja, anandipatsa chigubu kuti ndikhalire, iye n'kunjuta chapatali.

Tinayamba ndi za injini. Ndinafunsa chimene chavuta, anati ikumwa madzi. Ndinati masiku athu tinkadalira nkhafi, anati nkhafi siifuna sipeya. Ndinkafunafuna njira yozungulira, mwambi kapena fanizo, monga amachitira akuluakulu, koma mitu ya miyambi yonse inandithawa. Ndiye ndinangonena mawu amene bambo sanena.

"Bambo, mimba ya mkazi wanu ili pangozi. Msana wayamba kumuwawa."

Anayang'ana pansi, makutu ake ngati amva chotukwana.

"Ine sindidziwa ngati foni yanu ikunama kapena ayi," ndinapitiriza. "Nanenso ndinaikhulupirira. Koma foni sinamuonepo mkazi wanu. Tiyeni tikafunse amene analemba, pamaso. Akakati ndi wolera, ine ndemwe ndikataya katoniyo mu Shire."

"Amayi aja ananditukwana pagulu, bambo. Akuti ndine ndikupha ana anga."

"Inunso munanena chimodzimodzi kwa mkazi wanu."

Anatola kachitsulo n'kumakapukuta ngakhale kanali koyera kale.

"Mwamuna akamuloza chala amathawira kuntchito," ndinatero. "Njira imeneyo ndikuidziwa. Ndi yosalala, koma mukadzafuna kubwerera mudzapeza yamera."

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana panyanja. Kenaka anatsegula bokosi lake la zipangizo. Pansi pa masipanala panali kansalu koyera, ndipo m'kansalumo munali katoni ija, yosaphwanyika ngakhale pakona. Anati anafuna kuiponya m'madzi tsiku lomwelo koma dzanja linakana.

Mudzi wathu uli panjira ya ku boma, choncho tinatsika, n'kumutenga mwana wanga. Sanafunse kanthu. Anavala chitenje china n'kutsogola. Alamu anaona katoni ili m'manja mwa mkamwini, anatsegula pakamwa, koma ndinawayang'ana ndipo anatseka. Mu minibasi mwana wanga anakhala kutsogolo, ife awiri kumbuyo pamwamba pa matumba a ufa, ndipo ulendo wonse sanacheuke.

Anamwino atationa anaika manja m'chiuno.

"Dzulo ndinakudikirani mpaka ndinaphonya swala kumzikiti. Munali kuti? Anganga, mwayamba kujomba sukulu?"

Mkamwini anawapatsa foni. Anawerenga, anakwinya nkhope, kenaka anati, "Tiyeni kuno nonse." Anatilowetsa m'chipinda chobayira, mmene ine ndinali ndisanalowemo. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo kena, anakagwedeza, n'kukaimika patebulo. Anatenganso kamodzi m'katoni yathu n'kukaimika pambali pake.

"Achimwene, inu mumagwira za mainjini. Petulo ndi dizilo n'chimodzi?"

"Ayi."

"Koma kwawo n'kumodzi. Taonani apa. Aka koyera ngati mkaka ndi kolera, timabaya pakapita miyezi itatu. Aka ka mafuta ndi ka akazi anu, kogwira mimba. Ndi apachibale, maina awo amafanana, koma ntchito n'zosiyana. Ine ndabaya anthu zaka zambiri, mkaka ndi mafuta ndingasokoneze?"

Mkamwini ananyamula timabotolo tiwirito n'kutiyang'anitsitsa pawindo, kupendeketsa aka, kupendeketsa ako.

"Nanga foniyi?"

"Foniyo tikaifunse kwa mwini wake."

Mwini wake anali kalaliki wa pawindo lolandirira anthu, mtsikana wa magalasi amene ankadya mandasi pa kompyuta. Anafufuza pang'ono n'kugwira pakamwa. Anatifotokozera kuti a inshulansi saona kabotolo, saona wodwala, amangoona nambala. Mankhwala aliwonse ali ndi nambala yake, kubaya kuli ndi nambala yake, ngakhale kuonana ndi dokotala. Manambala a mankhwala awiriwa ali moyandikana pamndandanda, ndipo ya wolera amailemba kambirimbiri pa tsiku, moti chala chinangopita chokha.

"Pepani kwambiri. Ndikonza pompano, ndiwatumizirenso. Alipira, musadandaule."

Anagogoda kangapo. Sizinatenge nthawi imene munthu amamwera kapu ya madzi.

"Basi?" anafunsa mkamwini.

"Basi, bambo."

Ndinayang'ana zala za mtsikanayo, zoonda, zopaka utoto wofiira, zili ndi mafuta a mandasi. Sindinamukwiyire. Ndinkangodabwa kuti zolemba zimene ndinkaziopa zija zimachokera m'zala ngati zimenezi, zotopa, zanjala, zofuna kuweruka.

Mkamwini anatembenukira mkazi wake. "Mayi, ine ndimayesa..."

"Mumayesa chiyani?" anatero mwana wanga, motsitsa mawu, koma onse pakhondepo anamva. "Katatu ndinagona pansi magazi akutuluka, inu mukundigwira dzanja. Ndiye kauthenga kamodzi kakukwanirani kuti ndine mfiti? Uko amayi akuti wolakwa ndinu, inu mukuti ndine. Kasakeni wolakwayo, mukamupeza mudye naye. Ine ndisiyeni ndibayitse."

Analowa n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo sindikumbuka kuti anafunditsa mafuta ndani. Mwina analowa ozizira. Anamwino potuluka anati amupima, khomo la chiberekero lili chitsekere, mwana akugunda, koma akagone osagwira ntchito. Ndinafunsa ngati kuchedwa kuja kwawononga kanthu.

"Tabaya lero, anganga. Zinazo mwini wake ndi Mulungu."

Kuyambira pamenepo mkamwini ankabwera Lachitatu lililonse, atapempha kuntchito. Ankafika ndi nsomba, nthawi zina malalanje. Mkazi wake ankalandira n'kupereka kwa alamu osanena zikomo. Sankamulankhula. Akafuna kumuuza kanthu ankauza ine, iye ali pomwepo: "Ababa, auzeni anthu ena kuti sopo watha." Iye ankangoti, "Ndamva, bambo." Alamu nawo sanapepese, koma anayamba kumuikira ndiwo zambiri, ndipo pakati pa awiriwo kupepesa kunathera pomwepo.

Miyezi yotentha ija ndimaikumbuka ngati tsiku limodzi lalitali. Nyenje zikulira m'mitengo, nyanja ili mbuu osaoneka polekezera, mwana wanga atagona chammbali pansi pa mango pafupi ndi ukonde wanga, akupuma ngati wakwera phiri. Nthawi zina chitenje chinkagwedezeka chokha pamimba pake, ine n'kuyang'ana kumbali msanga. Tsiku lina anandigwira ndikuyang'ana, ndipo anaseka, koyamba chichitikireni zija.

"Akumenya ngati wopalasa, ababa. Atengera inu."

Mfundo imene ndinamanga pa ukonde nthawi imeneyo inali yolakwika, ndinachita kumasula.

Matenda anamuyamba mvula yoyamba itangogwa, mwezi wake usanakwane. Anapita naye kuchipatala chachikulu cha boma, alamu ali pambali. Ine ndi mkamwini tinatsala panja, pansi pa mtengo, pamodzi ndi amuna ena odikira. Nthaka inkanunkhira mvula, inswa zikutuluka pafupi ndi mpanda, ana akuzitola m'zitini. Tinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mkamwini ankangoyenda uku ndi uku, kenaka n'kudzanjuta, kenaka n'kunyamukanso.

Alamu anatuluka mpango uli pakhosi. Anayenda molunjika kwa mkamwini, osati kwa ine.

"Wachira. Mwana wamkazi. Koma ndi kakang'ono, bambo, ngati chambo chimodzi. Akaika m'chipinda cha ana osakwana masiku. Musayambe kusangalala."

Sitinasangalale. Tinadikira masiku ambiri, ndipo palibe anatchula za dzina. Alamu ankabwera ndi nkhani pang'onopang'ono: lero kayamwa, lero kasanza, lero achotsa kapaipi ka m'mphuno. Tsiku lina ndinakumana ndi adokotala a kuchipatala chaching'ono chija pamsika, ndipo ndinawathokoza chifukwa cha jakisoni. Anandigwira paphewa n'kunena kuti iwonso sangalumbire kuti ndi jakisoniyo anagwira mimba, mwina ikanakhala yokha, madokotala okhaokha amatsutsana za mankhwala amenewa. Ndinabwerera kumudzi ndikusinkhasinkha mawu amenewo, ndipo mpaka lero sindinawapezere poika.

Anawatulutsa m'mawa wina kutacha bwino. Mwana wanga anatuluka pageti akuyenda pang'onopang'ono, khanda atalimangirira pachifuwa m'kati mwa bulauzi monga anamuphunzitsira, kuti lizimva kutentha kwa mayi. Pamwamba pankangooneka kachipewa ka ulusi. Anaima patsogolo panga n'kutsegula pang'ono. Ndinaona kankhope kofiirira, kokwinyika ngati ka nkhalamba inzanga, maso otseka, kamphuno ngati njere ya chimanga. Kanakwinya chipumi chifukwa cha kuwala, n'kuyetsemula.

"Moyo!" anatero alamu. "Tsekani msanga, alamu angakaopseze ndi ndevuzo."

Mkamwini anali ataima chapatali ndi beseni, fulasiki ndi mtolo wa zitenje, osadziwa ngati ayandikire. Mwana wanga anakonza kachipewa, anamanganso chitenje, kenaka anamuyang'ana mwamuna wakeyo m'maso.

"Inu, mwangoima ngati chitsa bwanji? Kaimitseni galimoto, mwanayu apsa ndi dzuwa. Ndipo mukauze dalaivala kuti akathamanga ndikatsika."

Mkamwini anaika beseni pansi, analinyamulanso, n'kuthamangira kumsewu fulasiki ikugubuduka m'kati.